Kumanga mudzi wa Khirisimasi wa kasitima kamagetsi pabalaza

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Chilenje: "Mlamu wanga wa ku UK watitumizira kasitima kamagetsi ka Hornby, pabokosi palembedwa OO. Muli mutu wa sitima, ngolo zitatu, njanji zozungulira ndi controller. Ana anga awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 10, akufuna tikamangire mudzi wa Khirisimasi wokhala ndi chipale chofewa ngati umene amaona pa TV. Pabalaza pathu m'pochepa, malaiti amapitapita, ndipo kwatsala masabata 6. Ndiyambire pati, nanga ndigwiritse ntchito chiyani chopezeka muno mu Lusaka?"

Zikomo bambo. Masabata 6 ndi okwanira, bola mugwire ntchito mwa dongosolo ili: sitima iyambe yayenda bwino pa thabwa lopanda kanthu, zokongoletsa zibwere pambuyo. Ambiri amathamangira phiri ndi tinyumba poti ndiko kokoma, kenako pa 24 Disembala n'kupeza kuti bogi ikukhula khoma la phanga pamene guluu anauma kalekale. Masabata awiri oyamba muwapereke ku thabwa, njanji ndi magetsi basi. Ana adandaula, koma apatseni ntchito yosefa utuchi ndi kupota timitengo, zimene tifotokoze m'munsimu.

Choyamba dziwani muyeso wanu. Mu OO chinthu chilichonse chachepetsedwa ka 76, choncho mita imodzi imasanduka mamilimita 13. Munthu wamkulu ndi mamilimita 22, chitseko 26, khoma la nyumba wamba 35, ndipo mtengo wa mango wotalika mamita 10 ukhala masentimita 13. Dulani kamunthu ka katoni ka mamilimita 22 muzikayenda nako m'thumba popita ku Kamwala kapena ku City Market. Chidole chilichonse chimene mwachikonda, kaimikeni pambali pake musanalipire. Tinyumba tadothi ta Khirisimasi togulitsidwa m'mashopu nthawi zambiri timakhala tatikulu kuposa OO. Timagalimoto ta Matchbox ndi Hot Wheels timakulirapo pang'ono chabe, ndipo tikaikidwa kutsogolo kwa thabwa, kutali ndi siteshoni, diso silikana. Mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi mamilimita 16.5, wofanana ndi wa muyeso wina wa tisitima wotchedwa HO, kotero ngolo za HO zimayenda pa njanji zanuzo ngakhale zokolera zake zimasiyana. Za kampani ya Märklin zokha musagule, chifukwa magetsi ake amayenda mwa njira ina.

Thabwa

Musayale njanji pa kapeti kapena pa simenti. Ubweya wa kapeti umakulungika m'maekiselo, fumbi la pansi limalowa m'magiya, ndipo tsiku lina wina adzapondapo. Lumikizani njanji zokhota zonse kuti zipange bwalo, muyeze kuchoka pakati pa njanji mbali ino kufika pakati pa njanji mbali inayo. Za Hornby zimapereka mamilimita 742, 876 kapena 1,010. Zonse zitatu zimakwana pa pulayiwudi wamba wa mamilimita 2,440 ndi 1,220. Gulani wochindikala mamilimita 9, mumudulitse pa 1,900, ndipo chidutswa chotsalacho musunge, chikhala tsinde la phiri. Mukaika njanji zowongoka ziwiri za Hornby za nambala R601 mbali iliyonse, iliyonse yotalika mamilimita 335, sitima ipeza poongokera ndipo siteshoni ipeza malo.

Chipboard ndi MDF muzisiye. Ino ndi nyengo ya mvula, zimamwa chinyezi n'kufufuma, ndipo thabwa likapindika njanji zimapatukana molumikizira. Pulayiwudi nayenso amafuna chimango kunsi kwake: matabwa a paini a mamilimita 50 ndi 25 kuzungulira m'mbali monse, ndi ena opingasa pa masentimita 40 alionse, omangidwa ndi guluu wa matabwa pamodzi ndi masikuluwu. Matabwa otere amapezeka ku Buseko, ndipo kalipentala aliyense wa ku Kalingalinga akhoza kukukhomerani tsiku limodzi. Sankhani ouma, aawisi amapotoka akamauma m'nyumba. Muuzeni aboole mabowo a mamilimita 10 m'matabwa opingasawo kuti mawaya azidutsamo. Pakani penti kapena vanishi mbali zonse ziwiri, chifukwa thabwa lopakidwa pamwamba pokha limapindikira mbali imodzi. M'mphepete monse khomani kathabwa kotulukira masentimita 4 kapena 5 pamwamba. Mutu wa sitima ukagwa kuchoka patebulo kufika pa simenti, kawirikawiri sukonzekanso.

Dzanja la munthu wamkulu limafika masentimita 60 kapena 70 okha. Thabwa la masentimita 122 mukaligunditsa kukhoma, njanji yakumbuyo simudzaifikira, ndipo sitima imakonda kugwera komweko. Siyani kampata koti munthu n'kudutsa, kapena ikani mawilo ku miyendo ya tebulo.

Njanji

Pansi pa njanji yalani kalabala kapena cork wochindikala mamilimita 2 mpaka 3, apo ayi thabwa lizilira kwambiri mpaka kusokoneza nyimbo za pa wailesi. Polumikiza, onetsetsani kuti njanji iliyonse yalowa m'kati mwa kachitsulo kolumikizira. Imodzi ikakwera pamwamba pake, diso silingaone, koma chala chimamva kachitunda mukachiyendetsa pamenepo, ndipo kachitunda kameneko ndiko kamagwetsa sitima nthawi zambiri. Kachitsulo kakakhwepa, kafinyeni pang'ono ndi pulayala. Timisomali tokhomera njanji musatimize mpaka kutsindika; tikapanikiza, silipa, kamtanda kogwira njanji ziwiri pansi, imapindika n'kukokera njanji ziwiri pamodzi, mawilo n'kuyamba kukwera. Kamsomali kamodzi pa chidutswa chilichonse n'kokwanira.

Chikweza tikukulangizani kuti chaka chino muchisiye. Kamutu kakang'ono sikakoka bwino pa chikweza chopitirira masentimita 3 pa mita iliyonse. Kuti njanji idutse pamwamba pa inzake pamafunika masentimita 8, ndiye kuti mamita 2.7 okwera ndi enanso 2.7 otsika, pamene bwalo lanu lonse ndi mamita 4 ndi theka kapena kucheperapo. Mukafuna mlatho, njanji ikhale yosalala momwemo, mtsinje ndiwo utsike: dulani pulayiwudi pamalo a mtsinje pakati pa matabwa awiri opingasa, mumumangirire kunsi kwa chimango. Pamenepo mwapeza chigwa cha masentimita 5 popanda kuvutitsa sitima.

Mukatha, iyendetseni theka la ola kupita kutsogolo, theka lina chafutambuyo, ngolo zonse zili kumbuyo. Pamene yadodoma kapena kugwa lembani ndi pensulo, mukonze, muyesenso. Kenako tengani ngolo yotalika kuposa zonse, mugwirizitse pensulo pa ngodya yake yakunja n'kuikankha kuzungulira, mubwerezenso pensulo ili pakati pa ngolo mbali yam'kati. Mizere iwiri imene yatuluka ndiyo malire. Nyumba, mtengo, pulatifomu kapena khoma la phanga zisalowe m'kati mwake.

Magetsi

Mwachita mwayi kuti katunduyu wachokera ku UK, kumene magetsi ndi a 230 V ndipo pulagi ndi ya mano atatu ngati yathu. Anzathu amene alandira sitima yochokera ku America awerenge kaye pa adapter: ngati palembedwa 120 V yokha, ipsa nthawi yomweyo ikalowa m'soketi ya kuno. Ku njanji kumapita magetsi osapitirira pafupifupi 12 V, choncho mwana akagwira njanji savulala. Adapter ndi ekisitenshoni ndizo zikhale kutali ndi ana. Kukayamba ziphaliwali, kapena ZESCO ikangozimitsa, zulani pulagi kukhoma, chifukwa magetsi amene amabwerera mwamphamvu amaotcha controller.

Ngati muli ndi inverter, lumikizani momwemo, sitimayi imadya magetsi ochepa kuposa TV. Ngati mulibe, batire ya 12 V 7 Ah, yonga ya alamu kapena ya geti, imagwira bwino ntchito. Pamafunika zinthu zinayi: batireyo, fyuzi ya 2 A, kachipangizo kochepetsera liwiro la mota kotchedwa PWM controller ka 12 V, ndi swichi ya DPDT yotembenuzira sitima. Funsani kwa ogulitsa zida za mawailesi ku Town Centre Market. Waya wofiira uchoke ku batire, udutse pa fyuzi, ulowe mu PWM, kuchoka apo upite ku swichi, kenako ku njanji. Fyuzi ikhale pafupi penipeni ndi batire, ndipo musayese n'komwe kuisiya. Controller ya m'bokosi imadzizimitsa yokha pakachitika shoti, koma batire siidziwa zimenezo. Mwana akaika supuni kapena kobiri pa njanji, imatulutsa mphamvu yokwanira kusungunula waya ndi kuyatsa katoni. Kuti musamangosintha fyuzi, onjezani babu la galimoto la 12 V 21 W pa waya umodzi wopita ku njanji. Sitima ikamayenda bwino babulo siliyaka. Pakachitika shoti limawala n'kuchepetsa mphamvu, ndipo mumadziwiratu kuti pa njanji pagwera chitsulo. Kamutu kamodzi ndi timagetsi 20 zimadya pafupifupi theka la ampere, kotero batire yodzaza ikutumikirani madzulo onse. Itchajeni isanatheretu. Koma ngati pabokosi palembedwa DCC Fitted, kutanthauza kuti mutu uli ndi kachipangizo koyendetsera ka digito, njira ya PWM muisiye, mugwiritse ntchito controller yake pa inverter.

Sitima ikamafooka ikafika kutali ndi pamene waya walowera, vuto ndi tizitsulo tolumikizira tija, timene timataya mphamvu pang'onopang'ono. Kokani mawaya ena awiri pansi pa thabwa mpaka tsidya linalo. Samalani kuti waya wa njanji yakunja upitenso ku njanji yakunja. Mukasemphanitsa ndi shoti.

Mudzi wake ukhale wotani

Ana apempha chipale chofewa, ndipo muwapatse. Koma thabwa lonse likayera limatopetsa maso msanga, fumbi limaonekera pasanathe sabata, ndiponso mudzi wotero si wa ana anuwo. Maganizo athu ndi akuti magawo awiri mwa atatu akhale Khirisimasi imene iwo akuidziwa, ya mvula, chimanga chobiriwira chofika m'chiuno, mango akupsa, bowa ndi inswa m'mbali mwa msewu. Gawo lotsalalo, pa ngodya imodzi yakumbuyo, likhale phiri lalitali la chipale pamwamba, kumene Father Christmas amakhala. Sitima izilowa m'phanga kuchokera ku dziko lobiriwira, n'kutulukira mbali ina itasenza mphatso. Zoterezi si zachilendo mu Africa muno: phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895, lili ndi chipale pansonga pamene kunsi kwake kuli njovu ndi minda. Njanji ya TAZARA, imene imayenda makilomita 1,860 kuchoka ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam, siidutsa pafupi nalo, koma pa thabwa lanu ikhoza kudutsa pansi pake penipeni.

Kutsogolo ikani siteshoni. Lusaka weniweniyu anayamba ngati kamalo kopatukira sitima mu 1905, choncho kasiteshoni kakang'ono ka malata kokhala ndi chikwangwani cha dzinali n'koyenera, ndipo mwana wa zaka 10 akhala ndi nkhani yokauza anzake. Pa pulatifomu padzaze anthu opita kumudzi: matumba a ufa, nkhuku m'chitete, mbuzi yokana kukwera, amayi ogulitsa chimanga chootcha pa mbaula, kantemba kopakidwa mitundu yowala. Anthu musawamwaze ngati ongodutsa. Aikeni m'timagulu ta atatu kapena anayi, oyang'anizana, aliyense akuchita kanthu. Anthu 15 oikidwa motero amaoneka ambiri kuposa 40 omwazikana.

Zoseketsa ana zichokere pa kusakaniza maiko awiriwa. Father Christmas atsike m'phiri pa ngolo yokokedwa ndi ng'ombe ziwiri, imodzi ya mphuno yofiira. Ngolo imodzi ya sitima inyamule chipale kupita nacho ku Soweto Market, ndipo pakantemba pakhale mayi akuchigulitsa pa meda. Njovu iime podutsira msewu itavala chisoti chofiira, minibasi zikudikira pambuyo pake. Nyamalikiti akwere m'ngolo yopanda denga. Yezani kokha kuti mutu wake usapitirire masentimita 6 kuchoka pa njanji, apo ayi ukatsala pakhomo la phanga. Tinyama tating'ono tosema yang'anani ku Kabwata Cultural Village, kamunthu kanu ka katoni kali m'manja.

Mlatho wa pa chigwa chija utengere wa Victoria Falls, umene unamalizidwa mu 1905. Weniweniwo ndi wotalika mamita 198, ndiye kuti mu OO ukanakhala mamita 2.6, kuposa thabwa lonse. Tengani maonekedwe okha: uta umodzi pansi, timizati toimirira pamwamba pake, zonse m'masentimita 30. Njanji igone pa kathabwa kolimba, ndipo utawo, wa katoni yolimba ndi timitengo ta machesi, ungomatidwa m'mbali ngati chokongoletsa.

Pakati pa bwalo, pamalo ooneka bwino, pakhale tchalitchi ndi khola la ku Betelehemu lofoleredwa ndi udzu, kwaya itavala zitenje zofanana. Kholalo liyambe lopanda kanthu. Madzulo alionse a sabata yomaliza sitima izibweretsa chinthu chimodzi, lero nkhosa, mawa abusa, mkuja Yosefe ndi Mariya, ndipo ana azisinthana potsitsa. Khanda Yesu afike usiku wa pa 24. Anzeru a kum'mawa ayambire kuseri kwa phiri, azisendezedwa pang'ono tsiku lililonse mpaka adzafike pa 6 Januwale. Mukatero thabwa silizizira Khirisimasi ikangodutsa.

Phiri ndi chipale

Phiri limangidwe pa chidutswa cha pulayiwudi chotsala chija, kapena pa katoni yolimba, kuti lizinyamulika lonse. Mudzafuna kupukuta njanji ya m'phanga, ndiponso mu Januwale thabwa lidzafunika kuimikidwa kukhoma. Thupi lake likhale la polystyrene, zoyera zopepuka zija amatchingira firiji ndi TV m'makatoni. Mashopu a zamagetsi amangozitaya. Sanjikizani zidutswa mpaka masentimita 35 kapena 40, muzimata ndi guluu woyera wa matabwa wa PVA ndi kuzibaya ndi timitengo tosongoka kuti zisaterereke, chifukwa pakati pa polystyrene guluuyu amachedwa kuuma, masiku awiri kapena kuposa. Contact glue, super glue ndi penti ya sipuleyi zimasungunula polystyrene, musazifikitse pafupi. Semani ndi mpeni wa buledi, panja, ndipo nyenyeswa zake musese musanabweretse sitima. Khomo la phanga likhale lokwera masentimita 7 kuchoka pamwamba pa njanji, m'lifupi mutsate mizere ya pensulo ija ndi kuonjezera theka la sentimita mbali iliyonse. Kumbuyo kwa phiri siyani bowo lolowa dzanja. M'kati mwa phanga pakani penti yakuda masentimita 15 oyamba kuti kuyera kwa polystyrene kusaoneke.

Pamwamba pake matani tizidutswa ta nyuzipepala toviikidwa mu PVA wosakaniza ndi madzi muyeso wofanana, mizere iwiri kapena itatu, uliwonse uume usanabwere unzake. Phala la ufa wa tirigu kapena wa chinangwa limene ana amamatira kusukulu lisagwiritsidwe ntchito pano. M'nyengo ino limachita chuku, ndipo mphemvu ndi makoswe zimalimva fungo. Pakauma pakani crack filler ya m'makoma ndi bulashi, yosungunulidwa ngati phala la mwana, yosachindikala kuposa mamilimita 3. Yochindikala imauma kunja kokha n'kudzang'aluka.

Pa chipale m'pamene anthu ambiri amaonongera sitima. Ufa, shuga ndi mchere ayi: ufa umaitana anankafumbwe, shuga nyerere, ndipo mchere umakoka chinyezi n'kudyetsa zitsulo dzimbiri. Soda wophikira amaoneka bwino sabata yoyamba, kenako amagwirana ndi chinyezi, ndipo akalowa m'magiya amawapala. Thonje limakulungika m'maekiselo mpaka mota kutentha. Chodalirika ndi chipale chouma gwa, chosasuntha. Yambani mwapaka phiri lonse mtundu wa miyala, wotuwa ndi wakhofi. Kenako sakanizani masupuni atatu a filler yoyera, supuni imodzi ya PVA ndi supuni imodzi ya penti yoyera ya madzi, muike pansonga, pa madenga, pa nthambi ndi pamalo ena onse oyang'ana kumwamba. Pamiyala yoimirira musaike, chifukwa chipale chimagwa kuchokera kumwamba ndipo sichikhala pamalo otsetsereka kwambiri. Phiri lopakidwa loyera ponseponse limangooneka ngati lalaimu. M'maenje ndi kuseri kwa miyala pakani kamtundu ka buluu wotuwa kochepa kwambiri kuti kuyera kuoneke kozama. Mukafuna kunyezimira, wazani glitter woyera wosalala penti isanaume, phiri lili panja, ndipo likauma muligwedeze mozondotsa kuti wosagwira agwe. Pafupi ndi njanji pakani penti yoyera yokha, ndipo pamwamba pa njanji mupukute nthawi yomweyo.

Nthaka, mitengo ndi nyumba

Udzu ndi utuchi. Pemphani kwa kalipentala yemwe uja, musefe, muuviike mu penti yobiriwira ya madzi yosungunula kwambiri, muufinye m'kansalu n'kuuyanika pa nyuzipepala pakhonde. Pangani mitundu itatu, wobiriwira kwambiri, wopita kuchikasu ndi woderako, chifukwa udzu wa mtundu umodzi umaoneka wabodza. Pakani kaye thabwa penti ya mtundu wa dothi, ikauma pakani PVA chigawo chimodzi chimodzi, muwaze utuchi ndi kasefa ka tiyi, mawa lake musese wosagwira. Misewu ndi mabwalo zikhale za dothi lenileni lofiira. Likazingeni m'chiwaya chakale kuti mazira a tizilombo afe, mulisefe, kenako muyendetsemo maginito okulungidwa m'pulasitiki. Mudzaona tizitsulo takuda titamatirira. Mota ya sitima ili ndi maginito, ndipo tizitsulo timeneti tikatsala imatitola. Mchenga woika m'mbali mwa njanji uchitidwenso chimodzimodzi. Ukayalidwa, unyowetseni ndi madzi okhala ndi dontho la sopo wa mbale, kenako mudonthezere PVA wosakaniza theka ndi madzi. Popanda sopoyo guluu amangokhala timipira pamwamba. Pa mapointi osinthira njanji musafikitse guluu kapena mchenga.

Mitengo ndi ntchito imene mwana aliyense wodziwa kupanga galimoto ya waya angaigwire. Tengani chingwe chakale cha magetsi, musende, mudule timawaya ta kopa 20 kapena 30 totalika masentimita 15. Potani theka lakunsi likhale thunthu, kumtunda mugawe nthambi. Pakani filler pa thunthu, kenako penti. Masamba ndi siponji ya matiresi akale yonyenyedwa bwino ndi kunyikidwa mu penti. Mango ndi timikanda tachikasu tating'ono kwambiri. Mtengo umodzi kapena iwiri ikhale ya maluwa ofiira ngati flamboyant, imene imayaka m'misewu ya Lusaka mvula ikamayamba. Kufiira ndi kubiriwira kwa Khirisimasi mwakupeza kale pamenepo. Chimanga ndi tizingwe ta khonje ta masentimita awiri tonyikidwa mobiriwira, tobzalidwa m'mizere. Khonje lomwelo likapesedwa limafolera khola. Malata ndi foil yochindikala ya m'timbale ta chakudya, yotsindikizidwa pa mano a chipeso. Imateni bwino, chifukwa ikagwera pa njanji ndi shoti. Mtsinje ndi penti yoderako pakati, yakhofi m'mbali monga madzi a dzinja, ndi vanishi wonyezimira wopakidwa katatu kapena kanayi. Madzi enieni asayandikire.

Tinyumba ta katoni tipakidwe penti yakuda m'kati musanaike magetsi, apo ayi khoma lonse liziwala usiku m'malo mwa zenera lokha. Pa mawindo matani pepala loonekera pang'ono. Njira yapafupi younikira ndi timagetsi ta LED ta waya wopyapyala toyendera mabatire a AA kapena USB: yendetsani waya pansi pa thabwa, mutulutse kababu kamodzi kapena tiwiri m'nyumba iliyonse kudzera pa bowo la mamilimita 5. Sankhani toyera mopita kuchikasu, tosaphethira. Power bank imatiyatsa usiku wonse ngakhale malaiti atapita. Mukafuna kulumikiza ma LED nokha, lililonse likhale ndi resistor yake, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya magetsi, ya 1,000 ohm pa 12 V kapena 220 ohm pa 5 V. Popanda iyo limapsa nthawi yomweyo. Musawatengere magetsi ku njanji, chifukwa azizima sitima ikaima kapena ikatembenuka. LED imodzi yofiira pansi pa mbaula, ina yowala kwambiri m'nyenyezi ya pamwamba pa khola, izi ziwiri ana sadzaziiwala. Makandulo asafike pa thabwa ili ngakhale pang'ono. Polystyrene ndi utuchi zimayaka msanga.

Mphatso za m'ngolo zikhale zopepuka: tizidutswa ta polystyrene ta sentimita imodzi tokulungidwa m'tinsalu ta chitenje. Ngati mukufuna ngolo ya maswiti enieni, ikhale yoyamba kumbuyo kwa mutu, ndipo maswiti asapitirire atatu kapena anayi. Ngolo yolemera ikakhala kumapeto imakoka zopepuka za pakati n'kuzigwetsera m'kati pokhota. Liwiro likhale loti sitima izungulire kamodzi pa theka la miniti, zomwe zikufanana ndi makilomita pafupifupi 40 pa ola pa sitima yeniyeni. Ana amakonda kutsegula mpaka kumapeto, choncho matani kachizindikiro pa controller posonyeza polekezera. Mtengo wa Khirisimasi ukhale pambali, chifukwa zingwe zake zonyezimira zimayoyokera pa njanji.

Madzulo alionse musanayatse, pukutani njanji ndi kansalu kosayoyoka konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol kapena methylated spirit, ndipo kamodzi pa sabata mupukutenso mawilo a mutu. Sandpaper ndi steel wool zimakanda njanji, dothi n'kumakhazikika m'mikwingwirimamo. Mafuta ophikira ndi WD-40 asakhudze magiya; dontho limodzi la mafuta opepuka osaononga pulasitiki, lotengedwa pansonga ya singano, ndi lokwanira nyengo yonse. Mota ipume ikayenda theka la ola. Usiku fundikani thabwa ndi nsalu yopepuka, mutu wa sitima ubwerere m'bokosi lake pamodzi ndi timapaketi ta silica gel ta m'mabokosi a nsapato. Ngati kubwera alendo okhala ndi ana osakwana zaka zitatu, chotsani timikanda, tianthu tosamatidwa ndi mabatire ang'onoang'ono asanafike.